VINYO WA NKHOSA WA KU ITALY NDI LILIME LA M'MAKOMBONI A LUSAKA

Madzulo ali onse, pamene anchito a m'maofesi a mu Lusaka ali kubwerera kwao, pali gulu lina la anthu limene limayamba kumene ulendo wopita ku nchito. Awa ndi anyamata ndi atsikana operekera zakudya m'mahotela ndi m'nyumba zodyeramo za ku Kabulonga, Longacres ndi Manda Hill, amene a m'tauni amawacha maweita. Ena a iwo amagona ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, makomboni amene ali pafupi ndi mayadi a anthu olemera. Ena amakwera mabasi awiri kucokera ku Matero, George, Kanyama kapena Chawama. Pa nchito yao amanyamula mabotolo a vinyo amene mtengo wa limodzi ungathe kufika pa mtengo wa thumba la ufa la makilogalamu 25. Mlendo akafunsa kuti kodi vinyo uyu ndi wotani, weita ayenera kukhala ndi yankho, pakuti nchito yace yagona pomwepo.

Vinyo wambiri womwedwa m'Zambia amacokera ku South Africa, ndipo maina ace, monga Chenin Blanc ndi Sauvignon Blanc, maweita anawaloweza kale. Wa ku Italy ndi wocepa. Komatu anthu a ku Italy si alendo m'dziko lino. Kampani yao ya Impresit ndiyo inamanga damu la Kariba limene linatha mu 1959. Ndiwonso anayala mpope wa mafuta wa Tazama kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola mu 1968, ndipo mu 1972 magalimoto a Fiat anayamba kulumikizidwa ku Livingstone. Kwao kumene anacokera amisiri amenewa kuli mitundu mazana-mazana ya mphesa, ndipo pakati pa mitunduyo pali umodzi wa vinyo woyera wochedwa Pecorino, umene zaka makumi anai zapitazo ngakhale eni dzikolo ambiri sanali kuudziwa. Mbiri yace ndi yoyenera kumvedwa ndi mlimi wa ku Katete kapena ku Chadiza, cifukwa ndi mbiri ya mbeu.

MBEU IMENE INATSALA PANG'ONO KUFA

Dziko la Italy ndi lalitali ndi lowonda ngati mwendo, ndipo pakati pace padutsa msana wa mapiri. Kum'mawa kwa mapiriwo, kuyang'ana ku nyanja ya Adriatic, kuli zigawo ziwiri, Marche ndi Abruzzo, ndipo kumeneko ndiko kwao kwa mphesa ya Pecorino. M'cinenero ca ku Italy nkhosa amaicha pecora. Anthu a kumeneko amasimba kuti dzinali linabwera cifukwa nkhosa, potsika m'mapiri nyengo yozizira isanayambe, zinali kudya mphesazi m'mbali mwa njira, popeza zimapsa msanga ndipo n'zozuna. Dzina lomwelo ndi la chizi ca mkaka wa nkhosa, kotero kuti mlendo woitanitsa Pecorino ayenera kulongosola bwino ngati afuna cakumwa kapena cakudya.

Colakwa ca mpesa umenewu cinali cimodzi: subala zambiri. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, alimi a kumeneko anayamba kufuna mphesa zodzaza ngolo, pakuti ogula anali kulipira poyesa kulemera kwace. Anazula Pecorino nabzala mitundu yobala kwambiri, makamaka Trebbiano, imene vinyo wace kawiri-kawiri amakhala wosamveka mkamwa. Anthu a m'mapiri nawonso anasamukira m'matauni kukafuna nchito, minda yao nisanduka chire. Akulu a m'Cigawo ca Kum'mawa sangadabwe nazo zimenezi. Iwo anaona mapira, mawere ndi cimanga ca makolo zikucepa m'minda pamene cimanga ca SR52 ndi feteleza zinafika, Namboard nayamba kugula cimanga ndi matumba.

Amene anapulumutsa mbeuyi ndi mlimi wa ku Ripatransone dzina lace Guido Cocci Grifoni. Iye anali kufuna mphesa yoyera ya kwao imene ingapereke vinyo wamphamvu. Mu 1982 anapeza mipesa yakale ya Pecorino m'munda wosiyidwa ku Arquata del Tronto, pamwamba m'mapiri. Anadula nthambi zace nakazikwatitsa ku mitengo ya m'munda mwace, monga acitira alangizi a zaulimi ndi mango kapena malalanje. Anayembekeza zaka zambiri, ndipo vinyo woyamba wa Pecorino yekha-yekha amene anauika m'mabotolo anali wa zokolola za mu 1990. Mu 2000 minda ya Pecorino m'dziko lonse la Italy sinali kukwana mahekitala 100. Pofika mu 2010 inali itapitirira mahekitala 1,000. Pa 24 August 2016 civomezi cinagwetsa Arquata del Tronto ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo anthu pafupi-fupi 300 anafa. Pa nthawi imeneyo mbeu ija inali itafalikira kale m'zigwa.

MASO, MPHUNO, PAKAMWA

Kulawa vinyo ndi nchito yokhala ndi dongosolo lace, ndipo weita wofuna kukwera pa nchito ayenera kuliphunzira. Vinyo woyera amamwedwa wozizira, koma osati wozizira ngati madzi oundana, cifukwa kuzizira kopitirira kumabisa fungo. Madigiri 10 kufikira 12 ndiwo muyezo wabwino. Amathira pang'ono, kagawo kamodzi mwa magawo atatu a tambula ya kamwendo, ndipo tambulayo amaigwira ku kamwendoko kuti dzanja lisatenthetse vinyo.

Oyamba kuweruza ndi maso. Wolawa amapendeketsa tambula pamwamba pa nsalu yoyera. Ngakhale amamucha woyera, Pecorino ali ndi maonekedwe a udzu wofolera nyumba wongomweta kumene, wacikasu cotuwa, ndi kubiriwira pang'ono m'mphepete akakhala wa posacedwa. Akaoneka woderako ngati tiyi, ndiye kuti mphepo inalowa m'botolo kapena botolo linakhala pamalo otentha. Ili ndilo vuto lalikulu m'dziko lotentha. Botolo limene layenda pa nyanja, lakwera lole, kenaka lakhala pa shelefu m'dzuwa la October, lingathe kufa lisanatsegulidwe.

Kenaka mphuno. Wolawa amazunguza vinyo m'tambula kuti fungo lituluke, nalowetsa mphuno mkati. Mu Pecorino wabwino mumamveka khungu la mandimu, maluwa oyera a mtengo wa malalanje, ndi kafungo ka masamba a zitsamba zofikisidwa m'manja. Palibe mandimu kapena maluwa amene anathiramo ai. Zonsezi zimacokera ku mphesa ndi kuwira kwace. Koma mphuno ikamva fungo la katoni yonyowa kapena la nyumba yotsekedwa nyengo yonse ya mvula, ndiye kuti citsekerero ca khungwa cinaononga vinyoyo. Ikamva viniga, vinyo wasasa.

Potsiriza pakamwa. Amamwa pang'ono, nayendetsa vinyoyo mkamwa monse asanameze, ndipo akatswiri olawa mabotolo ambiri tsiku limodzi amalavula. Munthu wozolowera thobwa kapena vinyo wozuna wa pa ukwati adzakwinya nkhope pa kulawa koyamba, pakuti Pecorino alibe shuga. Coyamba kumveka ndi kuwawasa kumene kumadzutsa malovu m'mbali mwa lilime, monga acitira malambe kapena bwemba. Koma pambuyo pa kuwawasako pali thupi. Vinyoyu amadzaza mkamwa, sapita ngati madzi, ndipo atamezedwa amasiya kamcere pang'ono ndi kakuwawa kochepa konga ka khungu la mtedza. Akatswiri amawerenga nthawi imene kukomako kumakhalabe munthu atameza: vinyo wamba amazimirira pomwepo, wabwino amacedwa. Mphamvu yace si yocepa ai, kawiri-kawiri imakhala maperesenti 13 kapena 14, kuposa katatu mphamvu ya Mosi, ndipo cifukwa ca kuwawasa kuja womwa saimva msanga.

Tsono ciweruzo cace n'cotani? Pecorino si vinyo womwera pa khonde popanda cakudya. Payekha ndi waukali pang'ono. Malo ace ndi pambali pa nsomba, monga momwe amamwera eni ace a m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic. Pa nsomba yokazinga ya ku Kafue, pa kapenta wa ku Siavonga, ngakhale pa nkhuku ya kumudzi, kuwawasa kwace kumatsuka mafuta mkamwa ndipo nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba. Pa nyama ya ng'ombe yowocha amagonja, ndipo tsabola wambiri amamupha. Poyerekeza ndi vinyo woyera wochuka wa ku Italy, Pinot Grigio, amene wambiri amakhala wopepuka ndi wosakumbukika, Pecorino ali ndi khalidwe lace-lace. Weita amene angauze mlendo zimenezi m'mau awiri kapena atatu waposa anzace.

LUSO LIMENE SILACILENDO

Mwambo wa pa thebulo la m'hotela umadabwitsa anthu ambiri ofika kumene. Weita amaonetsa botolo kwa amene waitanitsa, nalitsegula pamaso pace, namthirira pang'ono pokha, naima n'kudikira. Colinga cace si kufunsa ngati mlendo waukonda vinyoyo, koma kuti aone ngati ndi wabwinobwino kapena waonongeka. Kumudzi mwambo ulipo womwewo, koma wotembenuza. Mai wophika mowa ndiye amayamba kumwa cikho coyamba pamaso pa onse kusonyeza kuti mulibe ciphe, ndipo atatero cipanda cimayamba kuyenda.

Amai amenewa ndi akatswiri a lilime. Mai wa ku Chawama wophika munkoyo amadziwa pongonunkhiza ngati mizu yagwira nchito yace, ndiponso ngati mawa lace cakumwaco cidzakhala cikali ca ana kapena cidzasanduka ca akulu okha. Wophika mowa wamasese amalawa cimera, amamvetsera kuwira kwa m'mbiya, ndipo sayang'ana koloko kuti adziwe tsiku lokuntha. Ngakhale womwa Chibuku ku thaveni ya ku Matero amasiyanitsa wa lero, wozuna, ndi wa masiku atatu, waukali. Luso limeneli linapirira zambiri. M'masiku a atsamunda makhonsolo a m'matauni ndiwo anali ndi nyumba zogulitsiramo mowa, ndipo amai ophika okha m'makomboni anali kusakidwa ndi apolisi, mbiya zao n'kuswedwa. Ngakhale zinali tero, ana ambiri a m'makomboni anaphunzira sukulu ndi ndalama za mowa wa amai ao.

Kusiyana kwa botolo la Pecorino ndi cigubu ca m'komboni sikuli pa lilime la wolawa. Kuli pa kapepala kamene kali pa khosi la botolo.

Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo loteteza maina a malo ocokera vinyo mu 1963. Gulu lapamwamba pa lamulolo limalembedwa ndi zilembo zinai, DOCG, ndipo Pecorino wa ku Offida, m'cigawo ca Marche, analowa m'gulu limeneli mu 2011. Kuti vinyo alandire dzina limeneli, mphesa ziyenera kucokera m'midzi yochulidwa m'lamulo, ndipo magawo 85 mwa 100 ayenera kukhala a Pecorino. Vinyo asanagulitsidwe amapimidwa ndi akatswiri a zamankhwala, kenaka amapita kwa kabungwe ka olawa amene sauzidwa mwini wace. Kabungweko kangavomereze, kangaubweze kuti akaukonze, kapena kangaukane. Wovomerezedwa amalandira kapepala ka nambala kosindikizidwa ndi Boma, ndipo nambalayo imaloza mwini wace ngati pabuka mlandu.

CIMENE LILIME SILINGAONE

Kulimba kwa malamulo a ku Italy kunagulidwa ndi maliro. Mu March 1986 anthu a kumpoto kwa dzikolo anayamba kudwala atamwa vinyo wocipa wa m'masitolo. Kunapezeka kuti amalonda ena, makamaka kampani ina ya m'tauni ya Narzole, anali kuthira mankhwala ochedwa methanol m'vinyo wofooka kuti akhale waukali pa mtengo wocepa. Anthu osacepera 19 anafa ndipo ena 15 anacita khungu. Maiko ena anaimitsa vinyo wa ku Italy pa malire, malonda nagwa. Kucokera pamenepo Boma linaonjezera oyendera ndi nyumba zopimira, ndipo mu 1992 linalemba lamulo latsopano la vinyo. Alimi ambiri anasiya kuthamangira kuculuka nayamba kufuna ubwino, ndipo m'nyengo yomweyo mbeu zoiwalika zonga Pecorino zinapeza ogula.

Anthu amene anafa mu 1986 anali a dziko lomwa vinyo tsiku ndi tsiku kuyambira ubwana, koma malilime ao sanawacenjeze. Methanol amaoneka, amanunkha ndiponso amakoma pafupi-fupi ngati mowa weni-weni. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Masupuni awiri a tiyi a mankhwalawa angathe kucititsa munthu khungu, ndipo masupuni asanu ndi limodzi angathe kupha.

Apa ndi pamene nkhani ya ku Italy ifika pa khomo la Kanyama ndi George. M'makomboni muli cakumwa cimene anthu amacicha waini, cophikidwa m'zigubu ndi shuga, yisiti ndi masamba a tiyi kapena zipatso, ndipo mulinso kacasu. Kacasu wa cimanga ndi shuga amakhala ndi methanol wocepa mwa cibadwa, wa zipatso monga masau amakhala ndi woculukirapo. Ngozi yaikulu imabwera pamene wogulitsa wosaona mtima athiramo sipiriti wa methylated kapena wa m'mafakitale kuti cigubu cimodzi cisanduke ziwiri. Ogula kacasu ali ndi njira yao yoyesera: amathira pang'ono pansi kapena pa supuni nayatsa macesi, ndipo akayaka amati ndi wa mutu, wa nambala wani. Moto umenewo umangosonyeza kuti mowawo ndi waukali. Methanol nayenso amayaka cimodzimodzi.

Coopsa cina n'cakuti ciphe cimeneci sicifulumira. Munthu amaledzera monga mwa nthawi zonse, amagona, ndipo zizindikiro zimayamba patapita maola 12 kufikira 24: mutu waukulu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira, ndi maso kuona ngati muli nkhungu. Abale ambiri amaganiza kuti ndi matsire, namphikira phala n'kumusiya agone, ena nathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa. Munthu wotere afunika cipatala tsiku lomwelo, pamodzi ndi onse amene anamwa naye, ndipo cotsala ca mowawo ciyenera kunyamulidwa kuti madokotala aciwone. A m'makomboni ali ndi zipatala za Matero, Kanyama ndi Chawama, ca Levy Mwanawasa kufupi ndi Kalingalinga ndi Mtendere, ndi cacikulu ca UTH. Kumudzi, kumene cipatala cili kutali, njinga iyenera kunyamuka pamene maso ayamba kucita cidima, osalinda kuti kuce.

Boma la Zambia linacitapo kanthu pa mowa waukali wocipa. Lamulo latsopano la ziphaso za mowa linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo mu April 2012 Nduna ya Maboma Aang'ono ya nthawi imeneyo, Professor Nkandu Luo, inaletsa tumapaketi ta mowa tochedwa tujilijili, tumene ana a sukulu anali kubisa m'matumba a mayunifomu. Mowa wa m'mafakitale uli ndi bungwe louyang'anira, la Zambia Compulsory Standards Agency. Koma cigubu ca kuseri kwa nyumba cilibe nambala, cilibe dzina, ndipo cimene cimateteza wogula ndi mbiri ya wophika yokha. Kumudzi mbiriyo ndi yolimba, pakuti wophika ndi womwa amatunga pa citsime cimodzi ndipo adzakumana pa maliro. M'komboni ya anthu zikwi-zikwi, mowa umadutsa m'manja atatu kapena anai usanafike pakamwa, ndipo mnyamata wocokera ku Petauke amene wafika kumene ku Lusaka kudzafuna nchito sadziwa kuti unaphikidwa ndi yani.

Zambia nayo inayesapo kuika cipatso ca m'chire m'botolo lokhala ndi dzina. Bungwe la National Council for Scientific Research, limene linakhazikitsidwa mu 1967, linapanga vinyo wa masuku, ndipo ku Malawi kunalinso vinyo wa masuku wochedwa Mulunguzi. Masuku ali ndi shuga wambiri koma kuwawasa kwace n'kocepa, kotero vinyo wace amakhala wofewa ndi wozuna, wosiyana kutali ndi Pecorino. Ndi wa pambuyo pa cakudya, osati wa pa nsomba. Mitengo yace ikalipo m'mapiri a m'mbali mwa mseu wa Great East, ngakhale kuti nkhalango zimenezo zikucepa cifukwa ca makala amene amaphikira nsima m'makomboni omwewo. Mvula ikayamba, masuku amafika ndi matumba pa msika wa Soweto, amai nawagulitsa pa miyulu, ndipo amene sanagulidwe m'masiku ocepa amaphwanyika m'thumba n'kutayidwa kuseri kwa msika.